Kontrakiti yoyamba isanathe, mnyamata asasaine ina: yankho kwa amalume a ku Mabvuku

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Mabvuku, mu mzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe. Maina a anthu ndi a matimu tawachotsa, ndipo tayifupikitsa pang'ono.

"Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka 19, amasewera pakati mu timu ina ya Division One kuno ku Northern Region. Anasaina kontrakiti ya zaka ziwiri ndipo kwatsala miyezi 9 kuti ithe, koma miyezi itatu tsopano sanalandire kalikonse. Timu ina ya PSL, ligi yaikulu ya dziko lino, ikumufuna, mpaka yamutumizira mapepala pa WhatsApp kuti asaine. Kwabweranso munthu wina amene akuti ndi ejenti, akuti tikapereka madola 600 amutengera ku ma trials ku South Africa. Bambo ake anamwalira, nkhani yonse ili pa ine. Mnyamatayo wakwiya, wasiya kupita ku training. Titani?"

Amalume, zikomo potikhulupirira. Tiyambira kumapeto kwa kalata yanu, chifukwa vuto lachangu lili pamenepo. Mnyamatayo abwerere ku training mawa lomwe. Tikudziwa kuti n'zowawa kulawirira kukathamanga pamene ya kombi ukuchita kupempha kwa amalume, koma pakadali pano wolakwa ndi timu, poti sinalipire. Akajomba masabata awiri atatu popanda kalata, mlembi wa timu alemba kuti wosewera wathawa ntchito, ndipo tsiku la mlandu anthu adzayamba kukambirana za kujombako, za malipiro n'kutsalira m'mbuyo. Tsiku limene ya kombi yasowadi, atumize uthenga kwa manijala wa timu m'mawa womwewo wonena kuti walephera kubwera chifukwa alibe ya ulendo, malipiro a miyezi yakuti ndi yakuti sanalandire. Uthengawo aujambule, autumizenso ku foni yanu. Foni imabedwa, imagwera m'madzi.

Mapepala a pa WhatsApp aja asawasaine, ndipo madola 600 aja akhale m'thumba mwanu. Zifukwa zake tifika nazo. Choyamba tulutsani kontrakiti imene ali nayo panopa, muiyale patebulo.

N'kutheka kuti kope lake alibe. Anyamata ambiri amasainira pa boneti ya galimoto kunja kwa bwalo, mapepala onse n'kupita ndi abwana. Ngati zili choncho, apemphe kope pochita kulemba. Akamamuzengereza, pitani ku Footballers Union of Zimbabwe, imene anthu amangoti FUZ. Limeneli ndi bungwe la osewera, membala wa FIFPRO, bungwe la osewera la dziko lonse lapansi, ndipo milandu ya malipiro ndi chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Ngati mnyamatayo sanalembetse umembala, alembetse tsopano nkhani isanafike poipa.

Mu kontrakitimo yang'anani tsiku lenileni lothera, osati la pakamwa. Yang'anani ngati muli mawu opatsa timu mphamvu yowonjezera chaka pa yokha, chifukwa miyezi 9 imene mukuwerenga ikhoza kukhala 21. Yang'anani ngati munalembedwa mtengo womuombolera. Kenako onani chimene timu inalonjeza kulipira. Malamulo a FIFA amati professional ndi wosewera amene ali ndi kontrakiti yolembedwa ndipo amalandira zoposa zimene amawononga pa mpirawo. Wina aliyense ndi amateur, ngakhale pepala limene anasaina litakhala ndi mutu waukulu bwanji. Ku Division One kuli mapepala ambiri amene amangolonjeza ya kombi ndi bonasi timu ikapambana, ndipo pepala lotero silimanga munthu ngati mmene imamangira kontrakiti yeniyeni. Poti inu mwatchula malipiro a pamwezi, titenga kuti yakeyo ndi yeniyeni.

Tsono lamulo likuti wosewera angathe kusaina ndi timu ina pokhapokha ngati kontrakiti yake yatha kapena yatsala miyezi 6 kuti ithe. Wanuyo yatsala 9. Likutinso timu imene ikufuna wosewera wa eni iyenera kudziwitsa eniakewo pochita kulemba isanayambe kukambirana naye. Timu imene yadumpha zonsezi n'kutumiza mapepala pa foni ya mwana usiku ikufuna kumutenga motchipa, ndipo zikavuta wolangidwa woyamba ndi iyeyo. Wosewera amene wasaina asanakwanitse zaka 28 amakhala mu nyengo yotetezedwa ya zaka zitatu zoyambirira za kontrakiti. Akaithetsa popanda chifukwa chomveka mkati mwa nyengoyi, kuwonjezera pa kulipira chipukuta misozi akhoza kuletsedwa kusewera kwa miyezi inayi, mwinanso 6 ngati nkhani yake yanyanya. Mwina mwamva anthu akunena kuti chigamulo cha khoti la European Union pa mlandu wa wosewera Lassana Diarra mu Okutobala 2024 chinamasula osewera onse. Chinachititsadi FIFA kufewetsa mbali zina, makamaka zokhudza mlandu wa timu yatsopano, koma sichinapatse munthu ufulu wokhala ndi makontrakiti awiri nthawi imodzi.

Njira zotulukira bwinobwino zilipo. Yosavuta ndi yoti matimu awiriwo akhale pansi agwirizane mtengo. Auzeni a PSL aja kuti, ngati mukumufunadi lemberani timu yake. Apa ndi pomwe mudzaonere kuzama kwa chikondi chawo. Timu imene ikulephera kulipira miyezi itatu kawirikawiri siikana ndalama, ndipo nthawi zina ngongole ya mnyamatayo ikhoza kulowetsedwa mu mgwirizano womwewo, kuti timu yatsopano imupatse iye mwachindunji n'kuchotsera pa mtengo.

Ina ndi yogwirizana ndi timu yake kuti asiyane mwamtendere. Pamenepa chenjerani ndi kachiganizo kamodzi kamene kamabisala kumunsi, konena kuti palibe mbali imene ili ndi ngongole kwa inzake. Akasaina zimenezo, miyezi itatu ija yapita. Nthawi zina kutaya miyezi itatu kuti upeze ufulu ndi malonda abwino ndithu, koma achite akudziwa, osati kudzazindikira pambuyo. Ndipo kalata yomumasula aigwire m'manja tsiku lomwelo, yosainidwa ndi munthu amene ali ndi mphamvu yosainira timu, yodindidwa.

Yachitatu ndi imene imafuna kudekha, ndiponso ndi imene anthu amailakwitsa kwambiri. Muyeso wa FIFA ndi uwu: timu ikalephera kulipira malipiro a miyezi iwiri kapena kuposerapo, wosewera ailembere kalata yoikumbutsa ngongoleyo n'kuipatsa masiku osachepera 15 kuti ilipire yonse. Masikuwo akatha osalipira, ali ndi chifukwa chomveka chothetsera kontrakiti. Mkangano wa wosewera wa kuno ndi timu ya kuno umaweruzidwa konkuno, ku ZIFA, bungwe loyendetsa mpira mu Zimbabwe, kapena kudzera m'malamulo a ntchito a dziko lino, osati ku FIFA. N'chifukwa chake kalatayo muilembe pamodzi ndi a FUZ kapena loya wodziwa za mpira, koma muyeso wa miyezi iwiri ndi masiku 15 musautsike. M'kalatamo mukhale tsiku, dzina lonse la wosewera, mwezi uliwonse pawokha ndi ndalama yake, ndime ya kontrakiti imene inalonjeza ndalamayo, nambala ya akaunti yolipirirako, ndi tsiku lenileni limene masiku 15 akuthera. Itumizeni pa imelo ya timu, ina mukapereke pamanja kuti adinde pa kope lanu. Kudandaula kwa kochi pambali pa bwalo si kalata. Uthenga wa pa gulu la WhatsApp la osewera si kalata.

Pogwa anthu ndi apa. Ena amapereka masiku 7 chifukwa cha mkwiyo. Ena amawerengera mabonasi amene sanalembedwe paliponse ngati malipiro, ndiye timu imatsutsa chiwerengerocho nkhani n'kusokonekera. Ena amasiya training tsiku lopereka kalata, pamene kontrakiti ikadali yamoyo mpaka masiku aja atakwana. Ena amaganiza kuti tsiku la 16 kontrakiti imadzithera yokha, chonsecho pamafunika kalata yachiwiri yonena poyera kuti ndathetsa, chifukwa chake ndi ichi. Dziwaninso kuti timu ikalipira zonse mkati mwa masikuwo, khomo limeneli latsekeka ndipo mnyamatayo ndi wawo mpaka kumapeto. Ikalipira theka, alandire, koma asasaine pepala lililonse lonena kuti wakhutira.

Pomaliza pali kungodikira. Pakatha miyezi itatu adzakhala atalowa mu miyezi 6 yomaliza, ndipo akhoza kusaina ndi timu ya PSL ija kontrakiti yodzayamba yakaleyo ikatha. Ife tikanakhala inu, tikanatumiza kalata ya masiku 15 sabata ino, kwinaku tikuuza a PSL kuti alembere timu yake. Kalatayo imachititsa abwana amene amazemba foni kuyamba kuyankha.

Musaiwale kalendala. Kawirikawiri wosewera amalembetsedwa pa nthawi ya msika wogula ndi kugulitsa osewera, ndipo misika ndi iwiri pa chaka. Kuno sizoni imayamba chakumayambiriro kwa chaka n'kutha cha mu Novembala, ndiye msika waukulu umakhala sizoni isanayambe, wina waufupi pakati pa chaka. Masiku ake enieni afunseni ku ZIFA kapena ku PSL musanathetse chilichonse, chifukwa kumasuka sabata imodzi msika utatsekedwa kungamukhazike pakhomo miyezi ingapo. Komanso mu sizoni imodzi munthu angalembetsedwe ku matimu atatu, koma magemu a mpikisano angasewerere awiri okha. Amene amasamukasamuka amadzapezeka kuti ali ku timu yachitatu akungoonerera anzake.

Tiyerekeze kuti wamasuka ndipo kontrakiti ya PSL ili patebulo mwachilungamo. Chinthu choyamba kuyang'ana ndi mtundu wa ndalama. Inu amene munali kuno mu 2019 mukukumbukira mmene lamulo la SI 33 linasandutsira ngongole za madola a America kukhala za ndalama ya kuno ya RTGS, imodzi kwa imodzi. Kuchokera mu Epulo 2024 tili ndi ndalama ya ZiG. Kontrakiti yongolemba chizindikiro cha dola popanda kunena kuti dola yake iti ndi msampha. Alembe kuti USD, ndipo ngati gawo lina lidzabwera mu ZiG, alembe kuti ndi gawo lalikulu bwanji komanso adzasinthira pa mtengo wa tsiku liti. Alembenso ngati chiwerengerocho ndi chimene adzalandire m'manja kapena msonkho wa ZIMRA ndi za penshoni za NSSA zisanachotsedwe. Tsiku lolipira likhalemo. Malipiro azidzera ku banki kapena pa EcoCash, kuti pakhale umboni wa zimene zalowa ndi zimene sizinalowe.

Ndalama yosainira ndi imene imachititsa anyamata khungu. Amamva chiwerengero chachikulu, n'kuiwala kufunsa kuti idzabwera liti. Matimu ambiri amaigawa pawiri kapena patatu, ndipo gawo limene lilibe tsiku silibwera. Gawo lililonse likhale ndi tsiku lake, loyamba lilowe asanamenye gemu ngakhale imodzi. Mabonasi a kupambana ndi kufanana mphamvu alembedwe, kuphatikizapo zimene amalandira amene wakhala pa benchi osalowa. Ngati timuyo ili kunja kwa Harare, monga ku Zvishavane, ku Mhondoro-Ngezi kapena ku Shamva, nkhani ya nyumba ilembedwe: ndani alipira lendi, agona angati m'chipinda, magetsi ndi madzi ali pa yani.

Ndime ya kuvulala muiwerenge kawiri. Mtsempha wa m'bondo ukaduka, munthu amakhala kunja miyezi 9 kapena kuposerapo, ndipo pamafunika sikani, opaleshoni ndi physio wa miyezi yambiri. Kontrakiti inene kuti zonsezi ndi za timu, kuti malipiro apitirira, ndipo kuvulala si chifukwa chomuchotsera ntchito. Kupimidwa ndi dokotala kuchitike asanasaine. Lamulo silimalola timu kusainitsa munthu kenako n'kunena kuti kontrakiti yafa chifukwa dokotala wapeza vuto kapena chifukwa chiphaso chogwirira ntchito sichinatuluke.

Za kutalika kwake, malire ndi zaka zisanu, ndipo kwa amene sanakwanitse zaka 18 ndi zitatu. Kwa mnyamata wa zaka 19 amene akulowa kumene mu PSL, ziwiri n'zokwanira. Chaka chimodzi chimamusiya pa mphepo akavulala. Zinayi kapena zisanu pa malipiro a munthu wongoyamba zimamumangirira pa mtengo wotsika ngakhale atawala. Ngati timu ikuumirira zitatu, malipiro azikwera chaka chilichonse ndipo mulembedwe mtengo womuombolera timu yakunja ikabwera, mtengo woti munthu angalipiredi. Mulembedwenso chimene chidzachitike timu ikatuluka mu ligi. Mipata yosalembedwa ikhwatchidwe, tsamba lililonse asainepo, ndipo kope lake atuluke nalo mu ofesimo tsiku lomwelo.

Zonsezi ndi za mapepala. Funso la mpira weniweni ndi lakuti, kodi akasewera? Mnyamata wa zaka 19 amakula ndi mphindi za mu bwalo, osati ndi dzina la jezi. Ligi yathu yasintha, chikho sichikungozungulira pa Dynamos, Highlanders ndi CAPS United. FC Platinum inachitenga kanayi motsatizana kuyambira 2017, Ngezi Platinum Stars mu 2023, Simba Bhora mu 2024, ndipo Scottland ya kwanu komweko mu 2025. Kumene kuli ndalama kumathamangira osewera odziwika, ena ochokera kunja, ndipo benchi ya kumeneko imakhala yaitali. Musanavomere, khalani pansi ndi mnyamatayo muwerenge osewera apakati amene timuyo ili nawo, zaka zawo, ndi amene anayamba magemu 10 apitawa. Ngati patsogolo pake pali anthu anayi okhazikika, akupita kukanyamula mabotolo a madzi. Funsani kuti akumufuna ndi ndani, kochi kapena mkulu wina wa mu komiti. Ngakhale atakhala kochi, kumbukirani kuti makochi sakhalitsa, ndipo wobwera amabwera ndi ana ake. Timu ya pakati pa tebulo imene imuseweretse magemu 25 ndi yabwino kwa iye kuposa yolimbirana chikho imene imulowetse mphindi 10 kamodzi pa mwezi.

Onani njira za amene anapita patali. Marshall Munetsi, mwana wa ku Mabvuku, anayambira ku FC Cape Town mu ligi yachiwiri ya South Africa, n'kudzera ku Baroka ndi Orlando Pirates asanapite ku Reims mu 2019 ndi ku Wolves mu 2025. Tino Kadewere anachoka ku Harare City kupita ku Djurgården ku Sweden mu 2015, kenako Le Havre mu ligi yachiwiri ya France mu 2018, ndipo zigoli za kumeneko ndi zimene zinamufikitsa ku Lyon mu 2020. Marvelous Nakamba anadzera ku Nancy, Vitesse ndi Club Brugge asanafike ku Aston Villa mu 2019. Palibe anadumpha makwerero. Prince Dube anapita ku SuperSport United mu 2017 akadali wamng'ono, mpata wosewera unachepa, anabwerera ku Highlanders, ndipo atayambiranso kumwetsa zigoli Azam ya ku Tanzania inamutenga mu 2020. Kubwerera kukasewera si manyazi.

Ngati timu yaikulu ikufuna kumusainitsa n'kumutumiza kwina pa ngongole, kutanthauza kumubwereketsa ku timu ina, si zoipa, bola mgwirizano wa ngongolewo ukhale wolembedwa, iye asainepo, unene amene azilipira malipiro, ndipo usapitirire chaka chimodzi. Timu yobwereka ilibe mphamvu yomubwereketsanso kwina.

Tsopano za munthu wa madola 600 uja. Amalume, ameneyo ndi dobadoba mpaka atatsimikiza kuti si dobadoba. Kuyambira 2023 ejenti wa mpira ayenera kukhala ndi laisensi ya FIFA, ndipo maina a amene ali nayo ali poyera pa webusaiti ya FIFA. Mufunseni dzina lonse ndi nambala ya laisensi, mukayang'ane nokha. Chithunzi chake ali ndi wosewera wotchuka si laisensi. Malamulo a ma trials a kunja nawonso ndi omveka. Timu yoitana imalemba fomu ya FIFA imene wosewera amasainanso, yonena masiku, malo ogona, chakudya ndi zina zimene timu ilipire, ndipo imalowetsedwa mu kompyuta ya FIFA yotchedwa TMS kusanatsale masiku 10 kuti kuyesedwa kuyambe. Wa zaka 21 kutsika m'munsi angayesedwe mpaka masabata 8 pa timu imodzi mu sizoni, wamkulu kuposa apo masabata atatu. Akavulala kumeneko, chithandizo ndi cha timu yoitanayo. Ndipo kupempha kapena kulandira ndalama chifukwa cha trial n'koletsedwa. Amene ali ndi kontrakiti amafunikanso chilolezo cholembedwa cha timu yake. Ndiye funsani kuti kalata yoitana ili kuti, ya timu iti, wasaina ndani. Imbirani timuyo pa nambala imene mwaipeza nokha, osati imene wakupatsani iye.

Zimene zimachitika kawirikawiri ndi izi: anyamata angapo amakwezedwa basi pa siteshoni ya Roadport ku Harare, amafikira m'nyumba imodzi ku Johannesburg, amasewera magemu awiri pa bwalo la sukulu ndi anzawo amene nawonso analipira, kenako foni ya ejenti imazima. Masiku amene anadindidwa pa chipata cha Beitbridge akatha, mnyamata amasanduka wokhala m'dzikomo mopanda chilolezo, kwinaku kuno timu yake yalemba kuti anathawa. Ganiziraninso kuti timu ya mu ligi yaikulu ya South Africa imaloledwa kulembetsa alendo asanu okha, ndiye malo amenewo sapatsidwa mwachisawawa kwa mwana amene sanamenyepo PSL ya kwawo. Sizoni yawo imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi, choncho trial ya mu Okutobala, msika utatsekedwa, iyenera kukudabwitsani. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Timu ya PSL ili pafupi, ma scout a ku South Africa, Tanzania ndi Zambia amaionera, ndipo sizoni imodzi yabwino mmenemo imabweretsa kalata yoitana yeniyeni, tikiti ali olipira ndi iwo.

Akadzapeza ejenti weniweni, mgwirizano wawo ukhale wolembedwa ndipo sungapitirire zaka ziwiri. Ejenti amadya ntchito ikachitika, kuchokera pa kontrakiti imene wapeza, osati kulipiritsa banja pasadakhale. Pasipoti asasungitse kwa munthu. Pepala lopatsa ejenti mphamvu yosaina m'malo mwake alikane. Ndipo wina akabwera ndi nsapato ndi kandalama n'kunena kuti mundipatse maperesenti akuti pa mtengo umene adzagulitsidwe m'tsogolo, dziwani kuti FIFA inaletsa zimenezi kuyambira 1 Meyi 2015. Pepala lotero likhoza kudzaopseza timu yakunja imene imamufuna.

Pali nkhani ina imene mabanja ambiri saidziwa mpaka itawaphera mwayi. Wosewera akamapita kunja asanathe chaka chimene akwanitsa zaka 23, timu yatsopano imalipira ndalama ya maphunziro a mpira, ngakhale kontrakiti yake itakhala kuti inatha. Imawerengedwa potengera gulu la timu yogulayo. Mu Africa ndi madola 30,000, 10,000 kapena 2,000 pa chaka, ndipo ku Ulaya ndi ma euro 90,000, 60,000, 30,000 kapena 10,000. Timu ya gulu lotsikitsitsa siilipira ikatenga wosewera. Kwa amene ali kale professional, ndalamayi imapita ku timu yake yomaliza yokha, pa zaka zimene yamusunga mpaka pa msinkhu wa 21. Mwachitsanzo, akakhala zaka ziwiri ku timu ya PSL kenako timu ya gulu lachitatu ku Ulaya n'kumufuna, pali ma euro 60,000 ofunika kulipira ngakhale anthu akunena kuti ndi waulere. Timu yaing'ono ya ku Ulaya ikamva zimenezi mochedwa imabwerera m'mbuyo. Ejenti wodziwa ntchito amakambirana nkhaniyi ndi timu yakale pasadakhale.

Palinso 5 peresenti ya mtengo wogulira wosewera, imene imagawidwa kwa onse amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23. Pa madola 1 miliyoni, 50,000 ndi ya iwowo: 2,500 pa chaka chilichonse cha zaka 12 mpaka 15, ndi 5,000 pa chaka chilichonse cha 16 mpaka 23. Kuyambira mu Novembala 2022 ndalamazi zimadzera ku FIFA Clearing House, bungwe limene FIFA inakhazikitsa kuti lizilandira ndi kugawa ndalamazi, ndipo zimatsatira mbiri ya wosewera imene ili mu kompyuta. Pitani ku ZIFA mukaone kuti mbiri ya mwana wanu ikuti chiyani, kuti akademi imene inamulera ilimo, zaka zake n'zolondola, ndipo sanalembedwe kawiri ndi maina osiyana. Kukonza zimenezi lero n'kosavuta kusiyana ndi tsiku limene ITC, kalata yomusamutsira ku bungwe la dziko lina, ikudikiridwa msika ukutsekedwa mawa. ITC imayenda pakati pa mabungwe awiri a mpira kudzera mu TMS ndipo ndi yaulere. Wokuuzani kuti mulipire kuti ituluke akukuberani.

Izi zikutifikitsa pa vuto la ife ana a ku Malawi obadwira kuno. Maina athu analembedwa mosiyanasiyana m'maofesi: pa chikalata chobadwira Phiri, pa chitupa Piri, ku sukulu dzina la agogo. Timu yakunja ikaona maina atatu imayamba kukayikira zaka. Dzina ndi tsiku lobadwa zifanane pa chikalata chobadwira, chitupa, pasipoti ndi khadi la ZIFA. Wina akakunyengererani kuti mumuchotsere zaka ziwiri, mukaneni, chifukwa mbiri ya mu kompyuta siiiwala. Ngati chitupa chake kapena cha mayi ake chikadali ndi chilembo cha A chosonyeza mlendo, gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino a 2013 likuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowa asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC ndipo iye ankakhala kuno, ndi nzika yobadwa. Pitani ku ofesi ya zitupa ku Makombe Building mukakonze, ndipo pasipoti aitenge tsopano pamene palibe chomuthamangitsa.

Malawi nayo inavomereza unzika wa maiko awiri, choncho ngati mzere wa makolo ukuoneka bwino pa mapepala, funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi kuno ku Harare. Njira ya pakati pa maiko awiriwa anthu a mpira anaiponda kale: Joseph Kamwendo anabwera ku CAPS United n'kukhala Soccer Star of the Year mu 2005, ndipo Kalisto Pasuwa atatenga zikho zinayi ndi Dynamos anakaphunzitsa Bullets ku Blantyre. Kupita ku Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers ndi kusamukira kunja ndithu, ITC iyenera kuchoka ku ZIFA kupita ku FAM, bungwe la mpira la Malawi, koma amene ali ndi pasipoti ya Malawi sakawerengedwa ngati mlendo. Dziwani chabe kuti pamene akusewera ngati nzika ya dzikolo, mkangano wake wa malipiro umaweruzidwa komweko. Akakhala mlendo, monga ku South Africa kapena ku Tanzania, mlandu angautengere ku Football Tribunal ya FIFA, kumene wosewera salipira kanthu, bola aupereke zaka ziwiri zisanathe kuchokera tsiku limene ndalamayo imayenera kulipidwa.